MAKOBIRI A KU CHINA A CHIBOO PAKATI

Tiri nayo nkhani ya kutali, ya dziko lalikuru lija la kum'mawa lotchedwa China. Akuru a pakati panu akumbukira makobiri aja a chiboo pakati, okhala ndi chithunzi cha njobvu ziwiri, amene adayamba kuyenda kuno chaka cha 1955, m'masiku a Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Athuwo sadakhalitse. Koma anthu a ku China adagula ndi kugulitsa ndi makobiri a chiboo zaka zopitirira 2,000, ndipo lero lino alipo anthu ambiri pa dziko lapansi amene nchito yao ya pa mpumulo ndiyo kusonkhanitsa makobiri amenewo ndi kuwawerenga monga munthu awerenga kalata.

Ife tinena makamaka za makobiri a mafumu otsiriza, a banja lotchedwa Qing, amene adalamula China kuyambira 1644 kufikira 1912. Munthu akadziwa kuwerenga kakobiri kamodzi ka masiku amenewo, kamuuza dzina la ufumu umene kadapangidwamo, ndi mzinda umene kadachokera. Akakayesa pa sikelo, kamuuzanso ngati masikuwo adali a mtendere kapena a nsautso, ndiponso ngati mafumu adali kuchita zoona ndi anthu ao.

MAONEKEDWE ACHE

Kobiri la ku China liri lozungulira, ndipo pakati pache pali chiboo cha ngondya zinai. Kukula kwache, kuyesa modutsa pakati, ndi mamilimita 25 kapena kupitirira pang'ono. Kulemera kwache ndi ngati magalamu anai. Maonekedwe amenewa ngakale ndithu. Mfumu Qin Shi Huang, imene idalumikiza maiko a China kukhala ufumu umodzi chaka cha 221 asanabadwe Kristu, ndiyo idalamula kuti ndarama ya dziko lonse ikhale yotere. Anthu a komweko ankati kumwamba nkozungulira, dziko lapansi nla ngondya zinai, ndipo ankaona zonse ziwirizo m'kobiri limodzi. Mwa nthabwala ankalitchanso Mbale wa Chiboo cha Ngondya Zinai, monga kunena kuti palibe mbale wina amene anthu amkonda kuposa ameneyu. M'chinenero chao kobiri limodzi ndi wen. Azungu amalonda ankati cash.

Chodabwitsa nchakuti pa makobiri onsewa palibe nkhope ya mfumu. Ngakhale dzina lache lenileni la mfumu silidalembedwepo, chifukwa kutchula kapena kulemba dzinalo kudali koletsedwa. Mfumu ikalowa ufumu, ankasankha mau awiri a mwai akhale dzina la zaka za ulamuliro wache, ndipo mau amenewo ndiwo ankalemba pa ndarama ndi pa makalata onse a boma.

KAWERENGEDWE KACHE

Kumaso kwa kobiri kuli zilembo zinai zozinga chiboo, ndipo chilembo chiri chonse cha Chichaina ndi liu lathunthu. Poziwerenga muyambe cha pamwamba, mutsikire cha pansi, kenaka cha ku dzanja lamanja, ndi kutsiriza cha ku dzanja lamanzere. Cha pamwamba ndi cha pansi zinena dzina la ufumu. Cha kumanja ndi cha kumanzere, pa makobiri wamba, ndi mau awiri akuti tong bao, ndiye kuti chuma choyenda ponseponse. Mau amenewa adayamba pa ndarama za banja la Tang chaka cha 621, ndipo adakhalabe mpaka mafumu adatha.

Maina a maufumu a Qing ndi khumi, ndipo wofuna kusonkhanitsa makobiriwa ayenera kuwadziwa pamtima pamodzi ndi zaka zao:

Shunzhi, 1644 kufikira 1661
Kangxi, 1662 kufikira 1722
Yongzheng, 1723 kufikira 1735
Qianlong, 1736 kufikira 1795
Jiaqing, 1796 kufikira 1820
Daoguang, 1821 kufikira 1850
Xianfeng, 1851 kufikira 1861
Tongzhi, 1862 kufikira 1874
Guangxu, 1875 kufikira 1908
Xuantong, 1909 kufikira 1911

Musaope kuti simudziwa Chichaina. Zilembo zofunika ziri ngati makumi awiri okha, ndipo diso lizizolowera monga mbusa azolowera mawanga a ng'ombe zache. Pa kobiri la Kangxi, chilembo cha pansi chiri ndi timadontho tinai kunsi kwache. Chilembo chakuti guang, ndiko kuwala, chipezeka pa maufumu awiri: chikakhala pansi pa chiboo, kobirilo nla Daoguang; chikakhala pamwamba, nla Guangxu. Makobiri wamba salemba chaka, chotero dzina la ufumu ndilo litiuza nyengo yache.

Tsono tembenuzani kobirilo. Kumbuyo mupeza zilembo za mtundu wina, zokhotakhota, zotsika monga chingwe cha mfundo. Chimenecho ndi Chimanchu. Mafumu a Qing sadali Achina enieni. Adali a pfuko la Manchu, lochokera kumpoto chakum'mawa, limene lidalowa mu mzinda wa Beijing chaka cha 1644 ufumu wa Ming utagwa. Chotero kobiri limodzi lilankhula zinenero ziwiri: cha olamulidwa kumaso, cha olamula kumbuyo. Liu la kumanzere ndi boo, ndilo bao lomwe lija, chuma. Liu la kumanja litchula nyumba yosungunulira ndarama imene idapanga kobirilo. Ku Beijing nyumba zotere zidali ziwiri. Ya Bungwe la Chuma cha Boma ilembedwa Boo Ciowan, ndipo ya Bungwe la Nchito za Boma ilembedwa Boo Yuwan. Zigao za dziko zidali ndi nyumba zaozao: Boo Su ndi ya ku Suzhou, Boo Je ya ku Zhejiang, Boo Fu ya ku Fujian, Boo Guwang ya ku Guangdong.

Pa makobiri ambiri a Kangxi dzina la nyumbayo lidalembedwa kawiri, m'Chimanchu kumanzere ndi m'Chichaina kumanja. Maina a nyumba makumi awiri zotere anthu adawalumikiza m'ndakatulo yaifupi kuti asaiwalike, ndipo kufikira lero osonkhanitsa amayesetsa kukwaniritsa makobiri onse makumi awiriwo. Kumadzulo kwenikweni, ku Xinjiang, kumene asilikali a Qianlong adagonjetsa chaka cha 1759, adatsegula nyumba ya ndarama ku Yarkand chaka cha 1760. Makobiri a kumeneko ngofiira, chifukwa mkuwa wache sadausanganize ndi zinki, ndipo ali ndi chinenero chachitatu, cha anthu a komweko, cholembedwa m'zilembo za Chiarabu.

KAPANGIDWE KACHE

Ndarama zimene tigwira masiku ano azidinda ndi makina. Za ku China ankazisungunula ndi kuzithira m'chikombole. Mmisiri wodziwa ankayamba kusema ndi manja kobiri limodzi lokongola, ndilo ankalitcha kholo. Kuchokera ku kholo ankaumba makobiri ena osalala bwino, otchedwa amai. Amaiwo ankawasindikiza pa mchenga wosalala, wonyowa pang'ono, wotsenderedwa m'mabokosi a matabwa, mizere iwiri, ndi kusiya kanjira pakati. Akachotsa amai aja ndi kuphatikiza mabokosi, ankathira mkuwa wosungunuka m'kanjirako, ndipo mkuwawo unkagawikana kulowa m'malo monse mudali amai. Ukazizira, chinkaturuka chinthu chonga nthambi ya mtengo, makobiri ali mbali ndi mbali ngati masamba. Nchifukwa chache ankachitcha mtengo wa ndarama.

Pamenepo ankathyola makobiri pa nthambi, nawatunga ambirimbiri pa kamtengo ka chitsulo ka ngondya zinai, nawapala m'mphepete ndi tupa onse pamodzi. Taonani tsono nchito ya chiboo chija: chikadakhala chozungulira, makobiri akadamazungulira pa kamtengo, tupa osagwira. Zipsera za tupa zioneka kufikira lero m'mphepete mwa makobiri ambiri osatha kwenikweni, ndipo ndi umboni umodzi wakuti kobiri nlenileni.

Chitsulo chache sichidali mkuwa wokha. Ankasanganiza mkuwa ndi zinki, chitsulo chija amakutira nacho malata a denga kuti asachite dzimbiri; nchifukwa chache makobiri a Qing ali achikasu. Nthawi zina mkuwa unkakhala magao asanu ndi limodzi mwa khumi, nthawi zina theka. Chaka cha 1740 adayamba kuonjezamo tini pang'ono, kuti anthu akasungunula makobiri mobisa, chitsulo chache chikhale chophweka kusweka, chosakoma kusula nacho ziwiya.

Kupeza mkuwa kudali bvuto lalikuru la boma. Poyamba wambiri ankagula ku Japan, pa doko la Nagasaki. Koma chaka cha 1715 olamula a ku Japan adachepetsa mkuwa woturuka m'dziko mwao. Pamenepo maso a boma adatembenukira ku migodi ya ku Yunnan, chigao cha mapiri cha kumwera chakumadzulo, makamaka ya ku Dongchuan. M'masiku a Qianlong, mkuwa wopitirira matani 3,500 unkanyamuka kumeneko chaka ndi chaka kupita ku Beijing. Unkayamba ulendo pa misana ya akavalo ndi nyuru m'njira za m'mapiri kufikira ku Luzhou, pa mtsinje wa Yangzi. Kumeneko unkalowa m'ngalawa, nutsika mtsinje kupyola mathithi oopsa, nukhotera kumpoto pa Ngalande Yaikuru imene anthu adakumba ndi manja. Ulendowo unkatha miyezi yambiri, ndipo ngalawa zina zinkamira. Zinki ankachokera ku chigao choyandikana nacho cha Guizhou. Musunge njira imeneyi m'mutu, pakuti tidzabwererako.

KOBIRI LA MLIMI NDI SILIVA WA BOMA

Kobiri limodzi lidali la mtengo wochepa, loyenera kugula zazing'ono za tsiku ndi tsiku. Pa malonda okulirapo anthu ankatunga makobiri pa chingwe monga amai atunga mikanda. Chingwe chathunthu chidali cha makobiri 1,000, chogawidwa ndi mfundo pa zana liri lonse, ndipo chinkalemera makilogalamu anai kapena kupitirira. Munthu wopita kukagula ng'ombe ankafuna wilibala kapena mnzache womsenzetsa. M'misika yambiri chingwe chinkaperewera makobiri angapo mwa mwambo wa pamalopo, ndipo wogula wochenjera ankawerenga yekha ndi kuturutsa makobiri opyapyala amene onyenga ankabisa pakati pa abwino.

Malonda akuru ndi msonkho wa boma ankaziwerengera m'siliva. Silivayo ankamuyesa pa sikelo, ndipo muyeso wache udali liang, ndiwo ngati magalamu 37. Boma linkafuna kuti chingwe chimodzi cha makobiri 1,000 chilingane ndi liang imodzi ya siliva. Koma msika sumvera chifuniro cha mfumu, ndipo pamenepa ndi pamene padagona tsoka la mlimi.

Boma lidayesa kulinganiza zinthu pakusintha kulemera kwa kobiri. Muyeso wache udali qian, ndilo gao limodzi mwa magao khumi a liang. Chaka cha 1657 adalamula kuti kobiri lilemere qian 1.4. Koma kobiri likalemera chotero, mkuwa wache unkaposa mtengo wa kobirilo, ndipo anthu ankalisungunula kupanga miphika ndi mabeseni. Chaka cha 1684 adalichepetsa kufika qian imodzi. Pomwepo onyenga adayamba kuumba makobiri ao kuseri, pakuti tsopano phindu lidali pa kuumba. Chaka cha 1702 adabwerera ku 1.4, ndipo chaka cha 1734 adakhazikika pakati, pa qian 1.2. Nchifukwa chache makobiri ambiri a Shunzhi, Kangxi ndi Yongzheng ali otambalala ndi okoma m'manja, kuposa a mafumu a pambuyo.

M'zaka zambiri za Qianlong kobiri lidali lamphamvu: makobiri ngati 800 ankakwana kugula liang ya siliva. Koma m'masiku a Daoguang siliva adayamba kusowa m'dziko. Amalonda a ku Britain ankabwera ndi opiamu wochokera ku India, mankhwala oledzeretsa amene adagwira anthu ambiri ukapolo, ndipo ankalandira siliva. Nthawi yomweyo siliva wa ku migodi ya ku Mexico ndi Peru, amene kale ankalowa m'China wambiri, adachepa chifukwa cha nkhondo za kumeneko. Chaka cha 1839 nduna Lin Zexu idaononga mabokosi a opiamu opitirira 20,000 ku Humen. Nkhondo idabuka, China adagonja, ndipo pa pangano la ku Nanjing la 1842 adamlipitsa madola a siliva mamiliyoni 21. Pofika kumapeto a zaka za m'ma 1840, m'madera ambiri liang imodzi inkafuna makobiri 2,000 kapena kupitirira.

Taganizani za mlimi amene msonkho wache udali liang imodzi. Mpunga wache ankagulitsa ndi makobiri, ndipo mtengo wa mpungawo sudakwere molingana ndi siliva. Agogo ache ankapereka makobiri 800; iye adayenera kupeza 2,000. M'buku la boma msonkho udali womwewo, koma m'nkhokwe mwache mudaturuka mitanga iwiri pamene kale munkaturuka umodzi. Mabanja ambiri adagulitsa minda, ena adathawa kwao, ndipo mitima ya anthu idawawa. Makobiri a Daoguang amene tiwagwira lero, ambiri ngochepa ndi osaumbika bwino powalinganiza ndi a Kangxi; ndiwo mboni za masiku amenewo.

PAMENE MFUMU IDALEMBA 1,000 PA MKUWA WA 20

Dzina lakuti Xianfeng litanthauza kulemera kwa onse, koma ufumu umenewo udali wa umphawi ndi mwazi. Chaka cha 1851 munthu wina dzina lache Hong Xiuquan adadzitcha mfumu ya ufumu watsopano wa Taiping, ndipo anthu osauka adamtsata miyandamiyanda. Chaka cha 1853 adalanda mzinda wa Nanjing, umene uli pa mtsinje wa Yangzi. Mwakumbukira njira ija ya mkuwa? Idadulidwa pomwepo. Chaka cha 1856 ku Yunnan komwe kudabukanso nkhondo ina, imene idatha 1873, ndipo migodi idaima. Nkhondo ya Taiping idafika 1864, ndipo odziwa mbiri awerengera kuti idapha anthu osachepera mamiliyoni 20.

Boma lidali ndi asilikali ofuna malipiro, koma lidalibe siliva, lidalibenso mkuwa. Tsono chaka cha 1853 nduna zidapangana nzeru: kuumba makobiri akuru ndi kulemba kumbuyo kwache kuti limodzi liyesedwe 10, lina 50, lina 100, lina 500, lina 1,000. Pa makobiri otere mau aja tong bao adasintha: a 10 ndi a 50 alembedwa zhong bao, chuma cholemera, ndipo a 100 kupita m'tsogolo alembedwa yuan bao, chuma choyamba. Kunena zoona, ena mwa iwo ngokongola kopambana, zilembo zache zolembedwa ndi akatswiri. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kobiri la 1,000 adalamula kuti lilemere liang ziwiri zokha, ndiye kuti mkuwa wa makobiri aang'ono ngati makumi awiri.

Chimene chidatsata sichibvuta kuchilota. Munthu ali yense wokhala ndi ng'anjo adaona kuti akasungunula makobiri makumi awiri, aturutsa limodzi la 1,000. Chilango cha kuumba ndarama kuseri chidali imfa, koma anthu sadaleke. Makobiri abwino aang'ono adasowa pa msika, chifukwa ena adawabisa, ena adawasungunula. Mitengo ya zakudya idakwera. Ogulitsa mpunga ankakana makobiri akuru, kapena kuwalandira pa mtengo wochepa kutali ndi umene udalembedwapo, ndipo amene adapsa kwambiri ndi asilikali ndi anchito amene adalipidwa makobiri omwewo. Chaka cha 1854 boma lidaleka kuumba a 500 ndi a 1,000, ndipo posachedwa a 100 ndi a 50 adatsata. Lidayesanso makobiri a chitsulo ndi a mtobvu, ndi ndarama za mapepala. Koma pofika 1857 amalonda a ku Beijing adali kukana achitsulowo, ndipo mapepala adatsika mtengo mpaka kusanduka chabe. Kobiri la 10 lokha ndilo lidakhalitsa mu mzindawo zaka zambiri, koma anthu ankaliyesa makobiri awiri basi. Mfumu idalemba khumi, msika udawerenga ziwiri, ndipo mau a msika ndiwo adaima.

KUTHA KWA MAKOBIRI A CHIBOO

Pambuyo pa nkhondo zimenezi makobiri sadabwerere ku ulemu wao wakale. Ambiri a Tongzhi ndi a Guangxu ngopepuka, ena ngati tsamba louma. Chaka cha 1889 nduna Zhang Zhidong idatsegula ku Guangzhou nyumba ya ndarama ya makina, ogulidwa kwa Ralph Heaton and Sons a ku Birmingham, ndipo kumeneko adadinda makobiri a chiboo ndi makina. Chaka cha 1900 nyumba yomweyo idayamba kudinda ndarama za mkuwa zopanda chiboo, zokhala ndi chithunzi cha chinjoka, imodzi yoyesedwa makobiri khumi. Zigao zina zidatsanzira msanga. Makobiri a Xuantong ndiwo otsiriza a mafumu. Mfumuyo, Puyi, idali kamwana pamene idatula ufumu pa 12 February 1912. M'midzi yakutali anthu adagwirabe makobiri akale zaka zina zambiri, kufikira adasanduka zoseweretsa ana ndi zosungira m'mabokosi.

MALANGIZO KWA OFUNA KUSONKHANITSA

Choyamba, dziwani kuti ukalamba wa kobiri si ndiwo mtengo wache. Makobiri a Qing adaumbidwa mamiliyoni zikwi zambiri, ndipo wamba a Qianlong, Jiaqing ndi Daoguang akali ochuruka kotero kuti mtengo wao ngwochepa. Munthu akakuuzani kuti kobiri la zaka 250 likulemeretsani, gwirani thumba lanu. Koma kuchuruka komweko ndi mwai wa woyamba kumene, pakuti angathe kupeza maufumu ambiri osaononga chuma cha banja. A Yongzheng ngosowerapo, chifukwa ufumuwo udali wa zaka 13 zokha. Osowa kwenikweni ndi monga a Qixiang, dzina limene lidasankhidwa chaka cha 1861 ndi kufafanizidwa chaka chomwecho Mfumukazi Cixi ndi anzache atalanda mphamvu. Ndiponso makobiri aja otchedwa kholo ndi amai, ndi akuru ena a Xianfeng. Taonani kutembenuka kwa zinthu: kobiri la 1,000 limene wogulitsa mpunga adalikana, lero anthu alilimbirana.

Chachiwiri, chenjerani ndi onyenga, pakuti chimene anthu alimbirana ndicho chimene onyenga apanga. Kobiri losowa logulitsidwa motchipa liyeseni labodza kufikira litatsimikizidwa. Liyeseni pa sikelo ndi kulinganiza ndi muyeso wa ufumu wache. Penyani m'mphepete ngati muli zipsera za tupa, ndi pa zilembo ngati zatha monga chitha chinthu chodutsa m'manja ambiri. Dzimbiri lenileni la mkuwa ligwira zolimba. Lopaka lichoka ndi chikhadabo, ndipo nthawi zina linunkha mankhwala. Makobiri oumbidwa m'mchenga safanana ndendende, chotero mukaona awiri okhala ndi chilema chimodzimodzi pamalo amodzimodzi, akaikeni, pakuti mwina adachokera kwa mmisiri wa masiku ano. Kobiri lachikasu likakakamira ku maginito, likaikeni, pakuti lingakhale lachitsulo chopakidwa.

M'masitolo ambiri mupezeka timakobiri tisanu tomangidwa pa chingwe chofiira, ta Shunzhi, Kangxi, Yongzheng, Qianlong ndi Jiaqing, togulitsidwa ngati chithumwa cha mwai. Tambiri mwa timeneto ntatsopano, todindidwa ndi makina. Ngakhale tikadakhala tenitweni, mwamva kale kuti makobiri amenewa sadathe kupulumutsa eni ache ku njala ndi ku nkhondo. Nanga inu adzakupatsani mwai wotani?

Chachitatu, si kobiri liri lonse la chiboo cha ngondya zinai liri la ku China. Maiko oyandikana nawo adatsanzira maonekedwe omwewo ndi zilembo za Chichaina. A ku Japan olembedwa Kan'ei Tsuho adaumbidwa ambiri kuyambira 1636, ndipo ena ali ndi mizere yonga mafunde kumbuyo. A ku Korea olembedwa Sangpyeong Tongbo adafala kuyambira 1678. A ku Vietnam ambiri ngopyapyala, ena a zinki yekha. Chizindikiro chosabvuta nchakuti onsewa alibe Chimanchu kumbuyo. Ndiponso makobiri a ku China amene ofukula zakale adawapeza m'mphepete mwa nyanja ya kum'mawa kwa Afrika, ku Kilwa, Zanzibar ndi Mogadishu, ambiri nga banja la Song, la zaka za 960 kufikira 1279, akale kutali kuposa a Qing.

Chachinai, musatsuke kobiri ndi mchenga, phulusa, ndimu kapena mankhwala owalitsira ziwiya. Khungu lakuda kapena lobiriwira limene zaka zidaikapo ndilo chobvala chache, ndipo mukalichotsa mwachotsa mtengo ndi umboni womwe. Pfumbi lichoka ndi kaburashi kofewa. Koma mukaona ufa wobiriwira motuwa uli kuturuka pa kobiri, imeneyo ndi nthenda ya mkuwa yobwera ndi chinyezi ndi mchere. Lipatuleni kwa anzache ndi kuliika pouma. Kobiri liri lonse likhale m'kathumba kache ka pepala, ndipo pa kathumbapo mulembe ufumu, nyumba yosungunulira, kulemera, ndi kumene mudalipeza. Kalembera ameneyu ndiye asiyanitsa wosonkhanitsa ndi wounjika.

Chachisanu, funsani kwa odziwa, pakuti safunsa adadya phula. Buku la David Hartill lotchedwa Cast Chinese Coins, loturuka 2005, liri ndi zithunzi za mitundu yambirimbiri ya makobiriwa, ndipo osonkhanitsa ambiri atchula makobiri ao ndi manambala a m'bukumo. Mudziwenso kuti boma la China liri ndi malamulo oletsa kuturutsa zinthu zakale m'dziko popanda chilolezo, chotero wogula afunse kumene chinthu chachokera. Ndipo tsiku limene inu mudzagulitsa kapena kusinthana ndi mnzanu, munene zoona za kobiri lanu, chilema chache ndi kukaika kwanu komwe.

Tsono, abale, munthu akandanda makobiri khumi a maufumu khumi pa mphasa, kuyambira Shunzhi kufikira Xuantong, aona ndi maso ache zimene mabuku akuru afotokoza m'masamba ambiri. Oyamba ngotambalala ndi olemera, a pakati ayamba kuchepa, pa Xianfeng paoneka chimphona cholembedwa nambala yabodza, otsiriza ngoonda. Anthu a ku China adalandira kakobiri ka mkuwa zaka zonsezo chifukwa adakhulupirira kuti mawa mnzao adzakalandiranso, ndipo pamene olamula adaseweretsa chikhulupiriro chimenecho, ngakhale lupanga silidathe kukakamiza wogulitsa mpunga. Ana a sukulu amene muwerengera makolo anu nkhani ino madzulo, yesani kuloweza maina khumi aja ndi zaka zao; ndipo ngati m'nyumba mwa agogo mukali kobiri lija la njobvu ziwiri, apempheni akuonetseni, akuuzeninso zimene linkagula.